Ampu ya mavalavu yogwirapo kale ntchito: ndigule kapena ndiisiye?

Lead_wa_ku_Chinamwali
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali mkulu wina ku Chilobwe amene wangobwera kumene kuchokera ku Joni, akugulitsa ampu ya gitala, chokuzira mawu chija, ya Fender Hot Rod Deluxe, ija ya mawati 40 ya sipika imodzi ya mainchesi 12. Pazithunzi ikuoneka yosamalika, nsalu yakutsogolo njosang'ambika. Akuti imalira bwinobwino koma imang'ung'udza pang'ono, ndipo iwo akuti ndi valavu imodzi basi (kachubu kagalasi kokuza mawu m'kati mwa ampu) yofunika kusintha. Mtengo umene akutchula, nditawonjezerapo pang'ono ndingathe kuitanitsa Boss Katana yatsopano, ampu yopanda mavalavu. Ine ndimaimba lead kutchalitchi komanso m'maukwati, nthawi zina pabwalo. Chiyambireni ndimaimbira ya mathiranzisita, koma mtima uli pa mavalavu. Ndigule?

Chimkango_Bass
Ikanakhala valavu imodzi basi bwenzi atasintha okha n'kukweza mtengo. Aise, tsegula maso.

NaPhiri_Keys
Musanafunse zoti ili bwino kapena ayi, funsani kaye kuti muziinyamula bwanji. Imeneyo ndi makilo 20. Mumapita kumaukwati pa chiyani?

Lead_wa_ku_Chinamwali
Pa minibasi amayi, nthawi zina galimoto ya mwini zida ikatitenga.

Fundi_wa_ku_Limbe
Achimwene, ine ndimakonza zinthu zimenezi, ndiye mundilole nditalikitseko. Ampu imeneyi si yoipa. Fender inayamba kuipanga mu 1996 ndipo yagulitsidwa kwambiri, choncho amisiri amaidziwa ndipo zipangizo zake si zachilendo. Ili ndi mavalavu asanu: atatu aang'ono a 12AX7, amene ena amawalemba ECC83, ndi awiri aakulu a 6L6 amene amakankha sipika.

Koma zoti kung'ung'udza ndi valavu imodzi, palibe angadziwe asanayese. Mukapita, chitani izi. Yatsani osalumikiza gitala, mutsitse voliyumu yonse. Ikamang'ung'udzabe chimodzimodzi, vuto lili mbali ya magetsi: kawirikawiri ndi makapasita aakulu (zosunga ndi kusalaza magetsi) amene atha mphamvu, kapena ma 6L6 awiri aja sakukoka mofanana. Phokoso likamakwera mukamakweza voliyumu, ndiye tingakayikire valavu yaing'ono yoyamba, ndipo imeneyo ndi yosavuta, mumangozula n'kulowetsa ina. Phokoso likamabwera pokhapokha mwalumikiza gitala, mwina ampuyo ilibe mlandu: ndi chingwe chanu, mapikapu a gitalayo (timaginito totola mawu a nsambo), kapena soketi ya m'nyumbamo ilibe waya wa earth. Nyumba zambiri kuno zilibe, ndiye ngati n'kotheka mukaiyesenso pa soketi ina.

Chachiwiri, musaiyese mphindi zisanu n'kutulutsa ndalama. Matenda ambiri a ampu ya mavalavu amatuluka ikatentha. Iimbireni theka la ola kapena kuposa, mokweza ndithu. Muzisuzumira kumbuyo. Kuwala kwa kawaya kakang'ono m'kati mwa valavu ndi kwabwinobwino, ndi momwe imagwirira ntchito. Koma chitsulo chachikulu chotuwa cha m'kati mwa 6L6 chikayamba kufiira psuu, zimitsani nthawi yomweyo. Onaninso banga lonyezimira lija limene limakhala m'galasi: likayera mbee, mpweya walowa, valavuyo yafa. Tengani pensulo, mugogode pang'ono valavu iliyonse ampu ili yoyaka. Ikamalira ngwee kapena kuthetheka m'sipika, yatopa.

Chomaliza, musatsegule kumbuyo n'kuyamba kugwiragwira m'kati. Muli magetsi opitirira 400V, ndipo makapasita amasunga mphamvuyo ngakhale mwazula pulagi.

Chimkango_Bass
Fundi walankhula. Ena tonse tikhale chete.

Mjoni_wa_ku_Randburg
Tisakhale chete ayi, pali china chimene sanatchule. Yang'anani kachitsulo kakumbuyo pamene alembapo za magetsi. Kubwera kuchokera ku Joni sikutanthauza kuti inagulidwa m'sitolo ya kuno. Ndaonapo ampu zimene anthu anabwera nazo kuchokera ku America, za 120V, akuziimbira pa thiransifoma yotsitsa magetsi. Wina akaiwala n'kuibaya molunjika pa 230V, nkhani yathera pomwepo. Ngati yalembedwa 230V kapena 240V muli bwino, mungosintha pulagi ya kuno ku Joni ya mano ozungulira ija n'kuika ya kwathu ya makona.

Fundi_wa_ku_Limbe
Zoona zimenezo. Ndiwonjezerepo kuti ya ku America inapangidwira 60Hz pomwe ife tili pa 50Hz, ndiye thiransifoma yake imatentherapo ngakhale mutatsitsa magetsi bwino. Za ku Japan ndi za 100V, nazonso samalani. Mukatulutsenso fyuzi n'kuona ngati ikufanana ndi nambala imene yalembedwa pambali pake. Mukapeza fyuzi yaikulu kuposa yoyenera, kapena yokulungidwa ndi kawaya, dziwani kuti inkapsa kawirikawiri ndipo mwini wake anaganiza zoitseka pakamwa m'malo mofufuza chimene chikuipsereza.

Madala_a_Rhumba
Ana inu mwatengeka ndi za pa YouTube. Ndikufunseni, mumaimba nyimbo zanji? Ngati ndi zathuzi, rhumba, sungura, manganje, zakutchalitchi, gitala imafunika ilire mbee, nsambo iliyonse imveke payokha. Ife tinkalimbirana Roland JC-120, ilibe valavu ndi imodzi yomwe, ndipo yakhala ikupangidwa kuyambira 1975 mpaka lero. Azungu amakonda mavalavu chifukwa akakweza kwambiri mawu amasasa, ndiye za rock zimakoma. Inu mawu osasawo mukawagwiritsa ntchito pati? Pa nyimbo yolowera akwati?

Lead_wa_ku_Chinamwali
Madala, si kusasako kumene ndikufuna. Ndinaimbirapo ya mavalavu ku studio ina ku Lilongwe, pa clean pomwepo, pamene gitala imalira mbee. Ukakhudza nsambo pang'ono imayankha pang'ono, ukamenya imatukumuka. Zala zimamva kusiyana. Sindidziwa kuti ndifotokoze bwanji.

Madala_a_Rhumba
Zala zimamva, koma amene akuvina samva. Ng'oma zikalowa, kiyibodi ikalowa, MC akayamba kukuwa, ndani angakuuzeni kuti iyi ndi valavu?

Blues_wa_ku_Area25
Madala ndimakulemekezani koma apa ndikutsutsani. Woimba akamamva kukoma amaimba bwino, ndipo zimenezo ovina amazimva. Komanso clean ya Fender ndi imene inatchukitsa dzinalo, si kusasa. Hot Rod imeneyi tchanelo chake chabwino ndi cha clean chomwecho, cha drive, chosasitsa mawu chija, anthu ambiri sachikonda, amangoika mapedulo osinthira mawu kutsogolo. Ine ndili ndi Blues Junior, ya mawati 15, ya ma EL84 awiri, ndipo sindinaiganizirepo zoigulitsa.

NaPhiri_Keys
Inu a Blues mumaimbira m'chipinda mwanu ndi mu lodge Lachisanu madzulo, mumapita pa galimoto yanu. Mwanayu akunena za minibasi ya Zomba–Blantyre, ampu itaikidwa kubuti pamodzi ndi matumba a chimanga. Mavalavu ndi magalasi.

Blues_wa_ku_Area25
Ndi magalasi inde, koma si mazira. Ankawaika m'ndege za nkhondo kalekale. Chimene sichifunika ndi kuigwedeza ikadali yotentha. Mukamaliza kuimba isiyeni izizire kaye musanainyamule, ndipo m'minibasi muilipirire mpando.

Chimkango_Bass
Ampu yolipira mpando, woimba ali pa injini kumbuyo kwa dalaivala. Tafika.

Sound_Mayi_Zomba
Ine ndilankhulepo ngati munthu amene amakhala pa mikisa. Mawati 40 a mavalavu m'tchalitchi ndi mavuto. Ampu imeneyo ili ndi mbiri yoti voliyumu yake imadumpha: pa 1 simumva kanthu, mukangosuntha pang'ono kufika cha pa 2 kapena 3 azimayi a kutsogolo akutembenuka. Ndiye woimba amati sindikumva kukoma ndikapanda kukweza, ine ndikuti tsitsani kwaya sikumveka, Lamlungu lililonse mkangano. Anthu amaganiza kuti ya mawati 20 ili ndi theka la phokoso la ya 40. Ayi, kusiyana kwake ndi madesibelo atatu okha, khutu limangoti yatsika pang'ono. Ya mawati 15 ndi maiki kutsogolo kwa sipika imakwana tchalitchi chilichonse chimene ndagwiramo ntchito. Katana ija ili ndi switchi yotsitsira mphamvu mpaka theka la wati, ili ndi potulutsira mawu kupita ku mikisa kapena ku mahedifoni, ndipo ya mawati 50 ija siifika makilo 12. Sindikuti ndi yokoma kuposa Fender. Ndikuti ine ndingagone bwino.

Kamnyamata_ka_Solo
Nanga osangozula sipika ya Fenderyo, n'kutenga mawu pa preamp out, potulukira mawu asanafike ku mavalavu aakulu, kupita ku mikisa? Phokoso pasiteji latha, amayi agona bwino.

Fundi_wa_ku_Limbe
AYI. Chonde musadzayesere zimenezo, ndipo amene mwawerenga muuze anzanu. Ampu za mathiranzisita zambiri zilibe nazo kanthu sipika ikachotsedwa. Ya mavalavu ili ndi thiransifoma pakati pa ma 6L6 ndi sipika. Mukaimba sipika palibe, mphamvu ija ilibe kolowera, imabwerera m'mbuyo n'kuboola zokutira mawaya a m'thiransifomamo kapena kupsereza masoketi a mavalavu. Thiransifoma imeneyo ndi chimodzi mwa zinthu zodula kwambiri m'ampu yonse, ndipo kuno simungaipeze pa shelefu. N'chifukwa chakenso pogula muyenera kufunsa ngati sipika ili m'menemo ndi yake yeniyeni. Imafunika ya ma ohm 8. Wina akaikamo ya galimoto ya ma ohm 4 chifukwa ndi imene inalipo, mudziwe kuti ampuyo yakhala ikuzunzika.

Kamnyamata_ka_Solo
Eee, chabwino akulu. Ndinaona wina akuchita.

Fundi_wa_ku_Limbe
Mumuuze abwere nayo ikafa, ana anga akufuna fizi.

Achemwali_a_ku_Leicester
Funso limene sindinalione: mavalavu akatha muwagula kuti? Kuno ndi nkhani yongoitanitsa pa intaneti, mawa lake afika. Kumudzi ndimatumizira mchimwene wanga, ndipo amadikira mpaka wina azibwera. Mudziwenso kuti mafakitale opanga mavalavu a gitala atsala ochepa padziko lonse. Pali JJ ku Slovakia, pali fakitale ya ku Saratov ku Russia imene imapanga a mayina monga Sovtek, Electro-Harmonix ndi Tung-Sol, ndiye pali a ku China. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 anthu anathamangira kugula, masitolo anatha katundu ndipo mitengo inakwera. Panopa amapezeka, koma mtengo sunabwerere pakale.

Mjoni_wa_ku_Randburg
Kuno ku Joni amapezeka m'masitolo a zoimbira. Vuto ndi kutumiza. Ndimakulunga bwinobwino n'kupatsira munthu wodziwika kuti asunge m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa pansi pa basi. Ndipo osagula 6L6 imodzi, amagulitsa awiriawiri oyezedwa kuti akufanana.

Fundi_wa_ku_Limbe
Eya, ndipo mukasintha aakuluwo pamafunika kutchera bias, kutanthauza kuyeza ndi mita kuchuluka kwa magetsi amene valavu ikukoka itangokhala osaimba. Akachuluka, mavalavu amatentha n'kutha msanga. Akachepa, mawu amauma. Ubwino wa Hot Rod Deluxe ndi woti ili ndi kopotokola kake m'kati kochitira zimenezi, ndi ntchito yaifupi kwa munthu wodziwa. Ya a Blues ija ilibe, fakitale inangoikhomerera, ndipo imadya ma EL84 msanga chifukwa inatcheredwa motentha.

Blues_wa_ku_Area25
Apo sinditsutsa. Ndasinthapo kangapo.

Gogo_Jenereta
Nonse mukukamba za ampu, palibe akukamba za magetsi amene muziipatsa. Maukwati ambiri a kumudzi ndi a jenereta, ndipo jenereta yake ndi ija yoti firiji ya zakumwa ikayaka mababu amaphethira. Ampu ya mavalavu simakondwa nazo zimenezo.

Chimkango_Bass
Kuli ukwati wina ku Thondwe mafuta anatha mkwati ali pakati pa kanjira. Tinamalizitsa ndi ng'oma ndi m'manja, ndipo anthu anafupa kuposa pamene zida zinkalira.

Madala_a_Rhumba
Umboni wa zimene ndimanena uja.

NaPhiri_Keys
Anafupa chifukwa anakumverani chisoni.

Sound_Mayi_Zomba
Inu a Chimkango, bandi yanu ija mpaka lero simunabweze chingwe changa cha maiki.

Chimkango_Bass
Amayi, nkhani ili pano ndi ya ampu.

Fundi_wa_ku_Limbe
Tibwerere kwa a Gogo chifukwa afunsa zenizeni. M'ampu ya mtundu uwu magetsi a m'kati amatsatira a pakhoma. Akakwera pakhoma, amakweranso pa mavalavu, kuphatikizapo 6.3V imene imatenthetsa timawaya tija, ndipo moyo wa valavu umafupika. Akatsika, mawu amafooka koma nthawi zambiri sipawonongeka kanthu. Choopsa ndi nthawi imene akuliza jenereta kapena magetsi akangobwera kumene. Lamulo langa: jenereta ilire kaye ikhazikike, ndiye mubaye ampu. Magetsi akathima, thimitsani switchi nthawi yomweyo musanayambe kudandaula. Gulani stabilizer, kapena pang'ono pokha kachipangizo kotetezera firiji kaja kamene kamadikira kaye kasanalole magetsi kudutsa. Pa inivheta ya sola onetsetsani kuti ndi ya pure sine, yotulutsa magetsi osalala ngati a pakhoma, zotchipa zija zimaliritsa thiransifoma. Mukumbukirenso kuti ampu ya mavalavu imadya magetsi ngakhale simukuimba, chifukwa mavalavu ayenera kukhala otentha nthawi yonse. Pa batire zimenezo zimaoneka.

Koma ndinene chilungamo, pa nkhani ya magetsi oipa, ya mavalavu ndimatha kuiukitsa. Zatsopano za kompyuta m'kati zija, ngati Katana, bolodi likapsa, nthawi zambiri ndimangomuuza mwini wake kuti pepani.

Blues_wa_ku_Area25
Mwamva a Madala? Mwamva amayi a sound?

Sound_Mayi_Zomba
Ndamva kuti fundi akufuna kasitomala wobwerabwera.

Lead_wa_ku_Chinamwali
Ndabwerako ku Chilobwe. Ndinatenga gitala yanga ndi chingwe changa. Kumbuyo yalembedwa 230V, yopangidwa ku Mexico. Fyuzi ndi yoyenera. Sipika ikuoneka kuti ndi yake, sinang'ambike. Palibe valavu yofiira kapena yoyera. Koma ma 6L6 aja ndi osiyana, ina yalembedwa Groove Tubes ina JJ. Kung'ung'udza kulipo ngakhale voliyumu ili pansi gitala osalumikiza, si kwakukulu koma m'chipinda mwachete kumamveka. Polowetsa chingwe cha gitala pakugwedera. Ndiye itatentha inachita chinthu chodabwitsa: inasintha yokha kuchoka pa clean kupita pa drive, kagetsi kakutsogolo n'kusintha mtundu, kenaka n'kubwerera. Mkulu uja anati ndi switchi yopondapo, koma switchiyo sitinailumikize n'komwe. Koma abale, mawu ake! Ndinaiwala kuti ndabwera kudzagula.

Chimkango_Bass
Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Fundi_wa_ku_Limbe
Mwagwira ntchito yabwino. Kusintha tchanelo yokhako ndi matenda odziwika a ampu imeneyi, si switchi ayi. Pa bolodi pali marezisita awiri aakulu a ma ohm 470, a mawati 5, amene amatsitsa magetsi opita ku mbali yosintha matchanelo ndi ya reverb. Amatentha kwambiri ndipo anawagoneka pa bolodi penipeni. Pakapita zaka, powotcherera pake pamang'aluka, ndiye ikatentha magetsi amadukaduka. Ngati pangong'aluka, ndi ntchito yaing'ono: kuika atsopano, kuwakweza pang'ono kuti mpweya uzidutsa pansi, kuwotcherera bwino. Ngati bolodi lapsa mpaka kuda bii ndipo tinjira ta kopa tamatuka, ntchito imakula, ngakhale imathekabe. Sindingadziwe ndisanaone ndi maso.

Polowetsa chingwe pogwederapo ndi matenda ake enanso, ndi papulasitiki powotcherera pa bolodi lomwelo, timasintha. Ma 6L6 osiyanawo akusonyeza kuti ina inafa wina n'kungoikapo imene anaipeza, ndipo mwina ndi amene akuchititsa kung'ung'udzako. Mwina ndi makapasita. Ine ndikanawerengera zonse ziwiri.

Ndiye werengani motere: mtengo wa mkuluyo, kuphatikiza ma 6L6 awiri ofanana, makapasita, polowetsa chingwe, marezisita, ntchito ya mmisiri, stabilizer, ndi 12AX7 imodzi yapadera yoyenda nayo m'chikwama. Chimene chatuluka ndiye mtengo weniweni wa ampuyo. Muuzeni abwere nayo kuno tiitsegule iye ali pomwepo, aone yekha, ndiye mukambirane zochotsera. Akakana kuti itsegulidwe, musiyeni nayo.

Sound_Mayi_Zomba
Mukawerengera zonsezo Katana ija mwaipitirira kale. Ndipo za phokoso m'tchalitchi palibe wandiyankha.

Blues_wa_ku_Area25
Yankho lilipo. Hot Rod ili ndi preamp out ndi power amp in, polowera mawu opita ku mavalavu aakulu. Pakati pa ziwirizo mumaikapo kabokosi ka voliyumu, kopanda batire, fundi aliyense angakupangireni. Kamatsitsa phokoso bwinobwino sipika ili yolumikiza. Ena amasintha valavu yoyamba n'kuika 12AY7 kapena 5751, zimene sizikweza kwambiri, ndiye voliyumu simadumphanso motero. Ndipo pa nkhani ya ndalama, Fender yokonzedwa bwino mukadzaitopa mudzaigulitsa pa mtengo wabwino. Za kompyuta zija ikatuluka yatsopano, yakale imagwa mtengo.

Madala_a_Rhumba
Mudzaigulitsa kwa ndani? Oimba a kuno amene angatulutse ndalama imeneyo ndi owerengeka, ndipo theka lawo ali pagulu pompano akuwerenga matenda ake.

NaPhiri_Keys
Ine maganizo anga ndi awa. Ngati imeneyi ikhale ampu yanu yokhayo, yodyera, musagule. Tsiku limene idzafe Lachisanu usiku ukwati uli Loweruka, valavu ili ku Randburg, mudzalira. Ngati yakale ya mathiranzisita ija muisunge kuti izipita kumaukwati a jenereta, iyi izikhala ya kutchalitchi ndi ku studio, ndiye gulani, mtima wanu ukhale pansi.

Lead_wa_ku_Chinamwali
Apo ndiye pavuta amayi, chifukwa ndimafuna ndigulitse yakaleyo kuti ndalama ikwane.

Fundi_wa_ku_Limbe
Musagulitse. Bola mumuuze mkuluyo kuti ndalamayo mupereka m'magawo awiri.

Lead_wa_ku_Chinamwali
Mkulu uja ndawaimbira foni. Poyamba anakwiya, akuti ku Joni palibe amene anadandaulapo. Kenaka avomera kubwera nayo ku Limbe Loweruka m'mawa, koma akuti ndalama yotsegulira ndilipire ine. A Mjoni, mundifunsireko mtengo wa ma 6L6 awiri a JJ, ndidziwiretu ndisanakumane nawo.

Mjoni_wa_ku_Randburg
Ndifunsa mawa ndikaweruka. Koma sindigula mpaka fundi atanena kuti thiransifoma zonse ziwiri zili bwino.

Fundi_wa_ku_Limbe
Mufike isanakwane 9 koloko, ndipo mubwere ndi gitala ija. Muuzeninso asaiwale switchi yopondapo, ndi mbali ya katunduyo, asadzakugulitseni payokha.

Sound_Mayi_Zomba
A Chimkango, poti a Lead akupita ku Limbe Loweruka, muwapatsire chingwe changa.